Litsiro lochita kupanga ndi ukhondo wa zida za chipatala

Litsiro loyesera ndi msakanizo wa zinthu monga magazi a nkhosa, mazira, ntchofu ndi ufa, umene akatswiri amapaka dala pa zida za chipatala pofuna kuona ngati katsukidwe kake kakuchotsadi zonse zimene zimamatirira chida chikagwira thupi la wodwala. Zida zake ndi zija sizitayidwa zikagwira ntchito kamodzi: sizasi yodulira mchombo, zopanira mitsempha ya magazi, chogwirira singano posoka bala, chitsulo chotsegulira njira poyeza khomo la chiberekero, choyamwira ntchofu m'mphuno mwa khanda, mpaka mapaipi ounikira m'mimba. M'zipatala zazing'ono za dera la Mfumu Yaikulu Lukwa ku Kasungu, monganso m'madera ena a m'Malawi, chida chimodzi chimagwira anthu mazanamazana chisanathe. Wodwala wa madzulo amatetezeka ku matenda a wodwala wa m'mawa pokhapokha chidacho chikayera pakati pa awiriwo.

Chisanabwerere m'manja mwa namwino kapena dokotala, chida chimadutsa m'magawo awiri. Choyamba chimatsukidwa, kenako chimaphikidwa m'nthunzi ya autoclave, mu uvuni kapena m'madzi owira, apo ayi chimaviikidwa m'mankhwala amphamvu. Gawo lachiwirili ndi limene limapatsidwa ulemu chifukwa lili ndi makina, geji ndi manambala ake: madigiri 121 kwa mphindi 20 kapena 30, kapena madigiri 134 kwa mphindi zitatu kapena zinayi. Gawo loyamba limaoneka ngati ntchito wamba ya pasinki, ndipo kawirikawiri limasiyidwira wantchito amene malipiro ake ndi otsika kuposa a anzake onse. Komatu nthunzi imapha tizilombo timene yatikhudza basi. Kachibenthu ka magazi ouma kobisala polumikizira chopanira kamatchinga tizilombo timene tili pansi pake, ndipo ngakhale tizilomboto titafa, zotsalira zake zikalowa m'bala zimatupitsa ndi kuchedwetsa kupola. Chida chosatsukidwa bwino sichiphikika bwino, kaya makinawo akhale atsopano bwanji.

Kukula kwa vuto la mabala oola pambuyo pa opaleshoni kumadziwika. Mu 2016 bungwe la WHO linanena kuti m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene, odwala 11 mwa 100 alionse ochitidwa opaleshoni amatenga matenda pabala, ndipo mu Africa amayi ofika 20 mwa 100 alionse obereka kudzera pa opaleshoni amakumana ndi vutoli. Si onse amene amadwala chifukwa cha zida. Zifukwa zina ndi m'manja mosasamba, khungu la wodwala mwini, nsalu ndi mpweya wa m'fiyeta. Koma gawo la zida ndi limene lingathe kuyesedwa ndi kukonzedwa wodwala asanafike n'komwe.

Chimene chimatsalira pa chitsulo

Magazi akatuluka m'thupi amaundana m'mphindi zochepa. Puloteni ina ya m'magazi, fibrinogen, imasanduka ulusi wa fibrin umene susungunuka m'madzi, ndipo ulusiwo umakola m'timano ta chopanira, m'mahinjesi ndi paliponse pamene chitsulo chinakalika. Kufiira kwa magazi kumachokera ku hemoglobin, yomwe imachoka msanga ikakumana ndi madzi. Apa ndi pamene diso limanamizidwa: kufiira kukatha wotsuka amakhutira, pamene fibrin, yomwe ndi yotuwa ndi yovuta kuiona pa chitsulo chonyezimira, ikadalipo. Wothyola fodya aliyense wa ku Kasungu amadziwa kuti utomoni wakuda umene umamata m'manja suvuta kwenikweni pachikhatho. Umavuta m'zikhadabo ndi m'ming'alu ya khungu, ndipo ukachedwa kusambidwa umalimbirako. Litsiro la pa chida lilinso ndi khalidwe lomwelo.

Kutentha kumaonjezera vutoli. Mapuloteni akatenthedwa amalimba n'kumamatira kwambiri, n'chifukwa chake malangizo amati kutsukuluza koyamba kuzichitika ndi madzi ozizira, osapitirira madigiri 45. Sipiriti ndi mankhwala a glutaraldehyde nawo amalimbitsa mapuloteni pa chitsulo, motero kupukuta chida chamagazi ndi sipiriti kumangokhomerera litsirolo. Kupatula magazi pali mafuta, tizidutswa ta mafupa, mafinya, ntchofu ndi mankhwala opaka. M'timipaipi tonyowa timene sititsukidwa mokwanira mabakiteriya amamanga kandere kopyapyala, kamene akatswiri amati biofilm, ndipo kakakhazikika sikachoka ndi madzi okha, ngakhale mankhwala amavutika kukalowa. Kachilombo koyambitsa matenda a chiwindi a mtundu wa B kamakhala ndi mphamvu m'magazi ouma kwa masiku osachepera asanu ndi awiri.

Zida sizifanana kuopsa kwake. Katswiri wa ku America, Earle Spaulding, anazigawa patatu, ndipo magawo akewo akugwirabe ntchito m'zipatala za dziko lonse. Zolowa m'minofu kapena m'magazi ziyenera kuphedwa tizilombo tonse. Zokhudza malo onyowa a m'kati monga m'kamwa ndi njira ya abambo ziyenera kulandira mankhwala amphamvu kapena kuwiritsidwa. Zongokhudza khungu labwinobwino zimakwanira ndi zochepa. Pa magulu onse atatuwa kutsuka ndiko kumayambirira.

Kasakanizidwe kake

Funso limene wopanga chida ayenera kuyankha ndi lakuti, kodi malangizo otsukira amene walemba papepala amagwiradi ntchito? Sangayesere ndi magazi a odwala enieni. Ndi oopsa kwa woyesa, savomerezeka kuwatenga mwachisawawa, komanso amasiyana munthu ndi munthu, moti zotsatira za lero sizingafanizidwe ndi za mawa. Pamafunika litsiro lofanana nthawi zonse, limene labotale ya ku Berlin ndi ya ku Pretoria zingalipange mofanana, ndipo likhale lovuta kuchotsa ngati lenileni kapena kuposerapo.

Mayiko osiyanasiyana anayamba ndi misakanizo yawoyawo, ndipo mu 2005 bungwe loona za miyezo la ISO linaisonkhanitsa m'chikalata cha ISO/TS 15883-5, chomwe chinali gawo la malamulo a makina otsukira zida. Woiwerenga koyamba amaseka. Litsiro lotchuka la ku Britain, lodziwika ndi dzina la mzinda wa Edinburgh, limafuna mamililita 100 a chikasu cha mazira, mamililita 10 a magazi a hatchi kapena nkhosa ochotsedwa fibrin, ndi magalamu 2 a ntchofu youmitsa ya nkhumba. Ku Germany kunali phala la misere ya tirigu. Ku Austria ankasakaniza mbatatesi youmitsa, ufa, dzira ndi utoto wakuda wa nigrosin. Poyesa makina otsuka mapoto amene odwala ogonera amadzithandiziramo, a ku Britain ankaika ufa, dzira, utoto wakuda ndi guluu womatira mapepala kukhoma. Chilichonse chili ndi ntchito yake: dzira limaimira mapuloteni ndi mafuta, ufa umaimira zomata, ntchofu imaimira zoterera za m'mapapo ndi m'matumbo, ndipo utoto umathandiza kuti chotsalira chioneke.

Misakanizo ina inatsata magazi enieni pafupi kwambiri. Ku Sweden amagwiritsa ntchito magazi a ng'ombe othiridwa citrate kuti asaundane, ndipo pa nthawi yoyesa amathiramo calcium chloride kuti aundanire pa chida pomwepo. Ku Germany njira yofala masiku ano ndi magazi a nkhosa othiridwa heparin, amene amaundanitsidwa ndi protamine, n'kupakidwa polumikizira chopanira cha mtundu wa Crile. Kusiyanaku n'kwakukulu ndithu. Magazi ochotsedwa fibrin saundana, choncho amachoka mosavuta kuposa a pabala, ndipo makina opambana pa litsiro lotere angathe kulephera pa lenileni. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene chikalata cha ISO chija chinalembedwanso mu 2021. Chatsopanocho chinasiya kungondandalika misakanizo ya mayiko, chimafotokoza zimene litsiro loyesera liyenera kukwanitsa ndi kuchuluka kwa zotsalira kumene kungaloledwe. Ku America bungwe la ASTM linatulutsa kalozera wake, F3208, mu 2017, wothandiza kusankha litsiro molingana ndi mbali ya thupi imene chida chimakagwira, pakuti chida cha m'fupa ndi cha m'matumbo sizikumana ndi uve wofanana.

Manambala amene amagwira ntchito lero ambiri anachokera ku kafukufuku wa Michelle Alfa, katswiri wa tizilombo wa ku Winnipeg m'dziko la Canada. Iye ndi anzake anayeza zimene zimatsala m'mapaipi ounikira m'thupi akangochoka mwa odwala komanso akatsukidwa, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 1999. Pa ntchito imeneyo panachokera litsiro lochita kupanga lotchedwa ATS ndi malire amene afala m'mayiko ambiri: mapuloteni asafike ma microgram 6.4 pa sikweya sentimita imodzi, hemoglobin isafike 2.2, ndipo zamtundu wa shuga ndi sitalichi zisafike 1.8. Galamu imodzi ili ndi ma microgram miliyoni. Dontho limodzi la magazi lili ndi mapuloteni pafupifupi ma microgram 10,000, ndiye kuti dontho limenelo litamwazidwa mofanana pa thireyi ya masentimita 40 m'litali ndi 40 m'lifupi, thireyiyo ingakhale pamalire penipeni. Palibe diso limene lingaone zimenezo.

Kayesedwe

Mfundo yaikulu pa kuyesaku ndi kupanikiza chida mpaka pamapeto. Woyesa amapaka litsiro m'malo onse ovuta, amatsegula ndi kutseka chidacho kangapo monga chimachitira pa opaleshoni kuti litsiro lilowe m'mahinjesi, amalipopera m'timipaipi, ndipo ngati chidacho chimatentha pa ntchito yake amachitenthetsanso. Kenako amachisiya kuti chiume kwa nthawi yaitali imene chingadikire pachipatala chisanatsukidwe. Potsuka amatsata malangizo a wopanga, koma amasankha mbali yofooka ya chilichonse. Ngati pepala likuti viikani kwa mphindi zisanu mpaka khumi, amaviika zisanu, ngati likupereka mlingo wa sopo amatenga wochepetsetsa, ndipo madzi amakhala ozizira kufika pamene malangizo alolera. Zonsezi amazibwereza maulendo angapo pa chida chomwecho, chifukwa litsiro lina limaunjikana pang'onopang'ono ndipo silioneka pa ulendo woyamba.

Atatha kutsuka amachiyang'ana pa kuwala kwabwino, kenako amachiviika m'madzi apadera osungunula zotsalira n'kuyeza madziwo mu labotale. Bungwe la FDA la ku America, m'malangizo ake a mwezi wa Marichi 2015, limafuna kuti payezedwe zinthu ziwiri zosiyana kapena kuposerapo, mwachitsanzo mapuloteni ndi hemoglobin, ndipo silivomereza kungowerenga tizilombo takufa ngati umboni wa ukhondo, pakuti tizilombo tingafe litsiro lili pomwepo. Pamakhalanso zida zofananizira. China chimapakidwa koma sichitsukidwa, kuti pakhale umboni wakuti litsiro linalipo lokwanira, ndipo china sichipakidwa n'komwe, kuti zidziwike ngati sopo kapena chitsulo chenichenicho chikusokoneza muyeso. Zikadutsa zonsezi ndi pamene malangizo amasindikizidwa, ndipo muyezo wa ISO 17664 ndi umene umalamula zimene wopanga ayenera kuuza chipatala.

Kukhwima kwa malamulowa kunabwera chifukwa cha maliro. Mu 1996 boma la Britain linalengeza za mtundu watsopano wa matenda a ubongo a Creutzfeldt-Jakob, okhudzana ndi matenda a misala ya ng'ombe. Amayamba ndi puloteni yopotoka yotchedwa prion, imene imamatirira pa chitsulo ndipo sithetsedwa ndi kaphikidwe ka masiku onse ka autoclave. Chitetezo chachikulu chinatsala pa kutsuka, ndipo mu 2016 dziko la England linaika malire a ma microgram 5 a mapuloteni pa mbali imodzi ya chida chonse. Kumayambiriro kwa 2015 zinadziwika kuti pachipatala cha yunivesite ya UCLA ku Los Angeles, odwala asanu ndi awiri anatenga mabakiteriya osamva mankhwala kudzera m'mapaipi ounikira njira ya ndulu, ndipo awiri anamwalira. Kunsonga kwa mapaipiwo kuli kachitsulo koyenda kamene kanali kovuta kukatsuka ngakhale kwa otsata malangizo mokhulupirika. Cholakwika chinali m'kapangidwe ka chida ndi m'kayesedwe ka malangizo ake.

Ndowa zitatu

Kuyesa konseku kumachitikira m'malabotale okhala ndi madzi osefedwa, magetsi osazima, sopo wapadera wokhala ndi ma enzyme osungunula mapuloteni, ndi maburashi a saizi iliyonse. Chida chomwecho chikafika ku Lukwa chimapeza zina. Chipatala chaching'ono chimatsuka pamanja, ndi madzi a pamjigo kapena a m'thanki, ndipo nthawi zina sopo amakhala waufa wochapira zovala. Odwala ofunika opaleshoni amatumizidwa kuchipatala cha boma cha Kasungu, ndipo ovutitsitsa amapitirira ku Kamuzu Central ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 130 kuchokera pa boma. M'bomali mulinso zipatala za mishoni, monga St Andrew's ku Mtunthama ndi Nkhamenya. Koma kubereketsa, kusoka mabala, kutumbula zithupsa ndi kulera zimachitikira konsekonse, ndipo zonsezi zimafuna zitsulo zoyera.

Kwa zaka zambiri anamwino ndi azamba a m'Malawi anaphunzitsidwa njira ya ndowa zitatu: chida chiviikidwe kwa mphindi khumi m'madzi a klorini wa mphamvu ya 0.5 pa 100 iliyonse, chikwechedwe m'madzi a sopo, kenako chitsukuluzidwe m'madzi oyera. Pa Jik wa mphamvu ya 3.5, muyeso wake ndi kapu imodzi ya Jik ku makapu asanu ndi limodzi a madzi. Njirayi inafala m'zaka zimene HIV inali pachimake, ndipo cholinga chake chinali chomveka, kuteteza wotsuka. Komabe buku la WHO la 2016 lokhudza kutsuka ndi kuphika zida linalangiza kuti kuviika m'klorini zida zisanatsukidwe kulekeke. Zifukwa zake ndi zakuti klorini amadya chitsulo, magazi amamufooketsa mpaka ndowayo imatha kusanduka mosungira tizilombo, ndipo kunyamula ndowa zodzaza mankhwala ndi zida zakuthwa kumaika antchito pangozi. Timaenje ta dzimbiri timene klorini amasiya ndi momwe litsiro limabisala ulendo wotsatira. Wotsuka amatetezedwa bwino ndi magolovesi ochindikala, epuloni ya pulasitiki, chotchinga kumaso, ndi kukwechera chida pansi pa madzi kuti asamwazikire. Chizolowezi cha zaka zambiri sichitha ndi buku limodzi, makamaka pamene zodzitetezerazo zikusowa, ndipo amene akukakamira ndowa ya klorini ali ndi mantha oyenera kuwamvetsa.

Nthawi youma, imene labotale imaiwerengera mosamala, ndi imene imathawa kwambiri kumudzi. Mzamba amene ali yekha usiku sangasiye mayi akutaya magazi kuti akatsuke sizasi, choncho zida zimagona m'mbale mpaka kucha. Njira yotsika mtengo ilipo, kupukuta magazi pomwepo ndi kansalu konyowa, kutsegula zopanira zonse, ndi kuzifunditsa ndi thaulo lonyowa mpaka nthawi yotsuka. Madzi ake asakhale a m'diripi, chifukwa mchere wake umadyanso chitsulo. Madzi a pamjigo m'malo ena amakhala ndi mchere ndi laimu, amafooketsa sopo ndipo amasiya mawanga oyera, n'chifukwa chake kutsukuluza komaliza kumafuna madzi osefedwa bwino pamene angapezeke. Sitiliwulu amakala chitsulo. Burashi yofewa, ngakhale mswachi wopatulidwira ntchitoyi, imalowa m'timano popanda kuononga.

Ulimi wa m'derali umabweretsa litsiro lakelake. Mabala a nkhwangwa ndi chikwanje a anthu odula mitengo ya zigafa, ndi a khasu m'minda ya fodya, amafika ali ndi dothi ndi manyowa, momwe mumakhala njere za tizilombo ta kafumbata. Kuwiritsa kwa mphindi 20 kumapha mabakiteriya ndi mavayirasi ambiri koma sikutsimikiza kupha njere zimenezi. Pamene magetsi azima ndipo chotsala ndi kuwiritsa, kuchotsa dothilo ndi burashi ndiko kumachepetsa chiwerengero chake kwambiri. Palinso zida zapulasitiki zofunika kumasulidwa kachidutswa ndi kachidutswa, monga chopopera chotsukira m'chiberekero mwa mayi wopita padera ndi chikwama chopumitsira khanda lobadwa losalira. Ntchito yoyeza khansa ya khomo la chiberekero, imene Malawi ali m'gulu la mayiko okhudzidwa nayo koposa, yaonjezera zitsulo zoyezera amayi ndi nsonga zootchera timabala, njira imene chipatala cha Nkhoma chinayamba kugwiritsa ntchito mu 2013. Pa tsiku loyeza amayi ambiri zitsulo zimakhala zochepa, mzere ndi wautali, ndipo mphindi zimene zimadulidwa ndi za pasinki.

Zoyesera za tsiku ndi tsiku

Litsiro loyesera silithera mu labotale ya wopanga. Kumene kuli makina otsukira, amaikamo kachitsulo kopakidwa kale litsiro louma longa magazi, kophimbidwa ndi kapulasitiki koonekera kuti kafanane ndi malo olumikizira. Kotchuka ndi TOSI. Kakatuluka kofiira ndiye kuti makina sakutsuka bwino, kakatuluka ndi zotuwa ndiye kuti fibrin yatsala ndipo pafunika kuona sopo, kutentha kwa madzi kapena nthawi. Kwa otsuka pamanja kuli timitengo ta thonje topukutira chida, timene timasintha mtundu tikakumana ndi mapuloteni kapena magazi, komanso galasi lokulitsa lokhala ndi getsi. Tepi ya autoclave ija imachita mizere yakuda siyankha funso limeneli. Imangosonyeza kuti phukusi linadutsa pa kutentha, ndipo mizereyo imada chimodzimodzi ngakhale zitsulo za m'kati zitakhala ndi magazi.

Pophunzitsa otsuka atsopano, msakanizo wa dzira ndi magazi a nyama wopakidwa pa zida zakale zimene zinasiya ntchito umaphunzitsa zambiri kuposa choko ndi bolodi. Wophunzira akaona yekha kusiyana kwa chida chotsukidwa patangopita mphindi khumi ndi chimene chagona, saiwala. Koma umenewo ndi wa m'kalasi chabe, sungalowe m'malo mwa muyeso wa labotale.

Gawo lina la nkhaniyi limathera pa desiki ya wogula. Zida zambiri za m'zipatala za boma zimabwera kudzera ku Central Medical Stores Trust, zina ndi mphatso za mabungwe ndi mipingo, ndipo bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2019, limayang'anira mankhwala ndi zinthu zina za chipatala zolowa m'dziko. Ogula ndi olandira mphatso ali ndi mafunso oyenera kufunsa: kodi malangizo otsukira alipo m'chilankhulo chimene antchito angawerenge, kodi anayesedwa pa kutsuka kwa pamanja kapena kwa makina okha, ndipo sopo ndi burashi zimene akutchula zimapezeka kuno? Chida chimene malangizo ake anatsimikizidwa ndi makina otsukira okha sichiyenera chipatala chopanda makinawo, ngakhale chibwere chaulere. Zida zina zili ndi chizindikiro cha nambala 2 yodulidwa ndi mzere m'kati mwa kabwalo. Zimenezo zinapangidwa kuti zigwire ntchito kamodzi, wopanga sanazipake litsiro loyesera kapena kulemba njira yozitsukira, ndipo chipatala chimene chazitsuka chifukwa cha kusowa chimasenza chokha udindo wonse wa katsukidwe kamene palibe anakayesapo.